Funsani tikuyankheni: ndani anakayeza za pamutu pa dzuwa?

Mwezi uno mauthenga ambiri achokera kumunsi kuno, Chikwawa ndi Nsanje, ndipo pafupifupi onse akukamba za dzuwa. Ena ndawafupikitsa chifukwa cha malo, musadandaule.

Funso: Zikomo akulu. Ine ndinamva pa wailesi kuti dzuwa limatulutsa mphepo ndiye akuti zaka zino lakwiya kwambiri. Kuno masana sungaponde pansi opanda nsapato, madzi a mu ndowa amachita kufunda okha ngati waphitsa. Kodi ndi mphepo imeneyi ikutiotchayi? Nanga imaomba bwanji poti amati kumwambako kulibe mpweya? (Mlimi wa thonje, Ngabu)

Yankho: Bambo, pepani ndi kutenthako, tikukudziwa. Koma ayi, si mphepo imeneyo ikukuotchaniyo. Chikuotcha Ngabu ndi kuwala kwa dzuwa komweko kuphatikizapo malo amene tikukhalawa. Chigwa chathuchi ndi chotsika zedi, malo otsikitsitsa m'Malawi monse ali kumapeto kwa Nsanje pamene Shire akulowera ku Mozambique, mamita 37 okha pamwamba pa nyanja yamchere, pomwe Blantyre ali pa mamita oposa 1,000, nchifukwa chake mukamatsika zitunda kulowera ku Thabwa mumachita kukumva kutentha kukulowa pa windo la minibasi. Onjezani kuti kumayambiriro kwa November dzuwa limadutsa paliwombo penipeni kuno, mvula isanagwe, mitambo kulibe, mitengo nayo tinamaliza kuotcha makala. Za kukwiya kwa dzuwazo ndi zoona, limatero pakapita zaka pafupifupi 11 zilizonse, koma kuwala kwake kumangowonjezeka ndi gawo limodzi pa magawo 1,000, thupi lanu silingazindikire nkomwe.

Tsono mphepoyo ilipodi, koma si mpweya ngati mwera ayi. Dzuwa lazunguliridwa ndi chifunga chotentha koopsa, madigiri oposa 1 miliyoni, pomwe nkhope ya dzuwa imene timaionayi ili pa madigiri 5,500. Achikulire a ku Nsanje amene anaona kadamsana wa pa 21 June 2001, amene anadutsa kumapeto kwenikweni kwa dziko lathu, mwina akukumbukira kuwala koyera kumene kunatsala mozungulira mwezi utaphimba dzuwa, ndi chifunga chimenecho. Chimatentha kwambiri moti dzuwa limalephera kuchigwira, nde tizidutswa take tating'onoting'ono tokhala ndi mphamvu ya magetsi, mapulotoni ndi maelekitironi, timangothawa kupita mbali zonse usana ndi usiku. Pofika kuno timakhala titamwazika kale, m'kamalo ka sentimita imodzi mbali zonse mungopezamo mwina tisanu basi, komanso dziko lapansili lili ndi mphamvu yake ya maginito imene imatipatutsa tisanafike pansi. Munthu amene anawerengera kuti mphepoyi iyenera kukhalapo ndi Eugene Parker wa ku Chicago mu 1958, anzake ambiri anamutsutsa, koma mu 1962 chombo cha Mariner 2 popita ku pulaneti ya Venus chinaiyeza nkupeza kuti mkuluyo amanena zoona.

Funso: Ndimaphunzitsa sayansi pa sekondale ina yoyendera. Ana anga a Fomu 4 anandifunsa kuti ngati dzuwa timaliona tsiku lililonse ndipo makina oliyang'ana alipo ambirimbiri, chovuta nchiyani kuti anthu adziwe za kumutu ndi kumunsi kwake? Ndinawalonjeza kuti ndifunsa. (Mphunzitsi, Bangula)

Yankho: Aphunzitsi, anawo muwayamikire, funso limeneli ndi lomwe linasowetsa tulo akatswiri zaka zambiri. Vuto lake nali. Dziko lathu ndi mapulaneti ena onse amazungulira dzuwa pa mulingo umodzi, cha m'chiuno mwa dzuwamo, kusiyana kwake ndi madigiri 7 okha. Nde kuyambira kalekale munthu aliyense, kaya ndi maso kaya ndi telesikopu yodula bwanji, wakhala akuliona dzuwa cham'mbali basi. Nsonga ya kumpoto ndi ya kummwera timangoziona mopendekera m'mphepete mwenimweni, zosaoneka bwino.

Mwina ana anena kuti ingotumizani roketi ikwere m'mwamba nkuyang'ana pansi. Sizophweka. Chilichonse chonyamuka pano chimanyamuka ndi liwiro la dziko lathu, makilomita 30 pa sekondi, kulowera mbali imene dziko likupita, ndipo kuti uchotse liwiro lonselo nkulikhotetsera m'mwamba palibe roketi imene ili ndi mafuta okwanira. Nzeru imene anapeza ndi yobwereka mphamvu kwa Jupiter, pulaneti yaikulu kuposa onse.

Chombo chimene chinachita zimenezi ndi Ulysses, cha bungwe lofufuza za mlengalenga la ku Ulaya la ESA mogwirizana ndi linzake la NASA la ku America. Poyamba anakonza zoti zombo zikhale ziwiri, china kudzera kumpoto china kummwera nthawi imodzi, koma a ku America anachotsa chawo mu 1981 ndalama zitavuta. Chotsalacho chimayenera kunyamuka mu 1986, ngozi ya chombo chonyamula anthu cha Challenger ya mu January chaka chomwecho nkuimitsa zonse, mpaka chinadzanyamuka pa 6 October 1990 chitanyamulidwa ndi chombo china chotchedwa Discovery. Kanthu kake sikanali kakakulu, makilogalamu pafupifupi 370. Ndipo taonani, chombo chopita kukafufuza dzuwa chinayamba ndi kulifulatira dzuwalo, ulendo wa miyezi 16 kupita kwa Jupiter. Pa 8 February 1992 chinadutsa pafupi ndi Jupiter, mphamvu yokoka ya pulanetiyo nkuchipotoza kuchigwetsera kummwera, nkulowa njira yatsopano yopendekeka madigiri 80, yozungulira dzuwa kamodzi pa zaka 6 ndi miyezi ingapo.

Mu September 1994 chinali pansi pa nsonga ya kummwera, mu July 1995 chinali pamwamba pa ya kumpoto. Anawo muwauzenso kuti sichinayandikire dzuwa ayi, podutsa kummwerako chinali kutali ndi dzuwa kuposa kawiri mtunda wa ife kuno, makilomita oposa 300 miliyoni. Chinalibenso kamera yojambula dzuwa. Ntchito yake inali yokhala mkati mwa mphepoyo nkumawerenga tizidutswa timene tikuchimenya, liwiro lake, kuchuluka kwake, kutentha kwake, ndi mphamvu ya maginito imene tanyamula. Magetsi ake sankachokera ku sola chifukwa kwa Jupiter kuwala nkochepa, ankachokera ku kutentha kwa chitsulo chotchedwa plutonium.

Chimene chinapeza paulendo woyambawo ndi ichi. Kuno kwathu m'chiuno mwa dzuwa mphepo imene tinaizolowera imayenda pa makilomita 400 pa sekondi, yosinthasintha, lero yathamanga mawa yafooka, ndipo anthu ankaiyesa kuti ndiyo mphepo yeniyeni ya dzuwa, yothamanga ija nkumaiona ngati mlendo wobwera apo ndi apo. Ulysses itangokwera kupitirira kachigawo ka m'chiunoka inalowa mu mphepo ya makilomita 750 pa sekondi, yokhazikika, miyezi ndi miyezi osasintha kwenikweni. Ndipo pa ulendo wa miyezi 10 wochoka kummwera kupita kumpoto zinaoneka poyera kuti mphepo yapang'onopang'ono ija imangokhala m'kampata ka madigiri pafupifupi 20 mbali iyi ndi 20 mbali inayo, kwina konseko ndi kwa yothamanga. Kutanthauza kuti dzuwa likakhala phee, gawo lalikulu la thambo lolizungulira ndi lodzaza ndi mphepo yothamanga, ife ndi amene timakhala m'kampata kapadera osadziwa. Ine zimenezi zimandigwira mtima kwambiri, zaka zoposa 30 anthu akuyeza mosamala ndithu, manambala olondola, koma onse akuyezera malo amodzi.

Mphepo yothamangayo imatuluka m'malo a kunsonga amene chifunga chija chimaoneka chakuda pa zithunzi zapadera, akatswiri amangoti mabowo, kumene mphamvu ya maginito siibwerera m'dzuwa koma imatambasuka kupita kutali, nde tizidutswa tija timapeza njira yotseguka.

Funso: Ine ndili Fomu 3. Sindikumvetsa zoti dzuwa lili ndi maginito poti ndi moto okhaokha mulibe chitsulo. Komanso chombo chingayeze bwanji chinthu chosaoneka? (Mtsikana wa sukulu, Nchalo)

Yankho: Mwanawe, yamba ndi kuchita ichi Loweruka likubwerali. Pita kwa okonza mawailesi pa msika ukapemphe maginito ozungulira aja a kumbuyo kwa sipika yakufa, kenako udutse pa owotcherera zitsulo ukatoleko fumbi lakuda limene limagwa pansi pa gulayinda. Uike maginito pansi pa pepala la kope, uwaze fumbilo pamwamba, ugogode pepalalo pang'ono ndi chala. Uona tizitsuloto tikuimirira, tikundanda m'mizere yokhota yochoka mbali ina kukalowa mbali ina, pafupi ndi maginito tothithikana, kutali totalikirana. Mizere imeneyo inalipo kale usanawaze fumbi, fumbilo langokuonetsa. Ukasendeza kampasi ya kusukulu pafupi uona kasingano kake kakutembenuka kutsata mizere yomweyo. Chipangizo cha pa chombo chimagwira ntchito yofanana ndi kampasiyo koma chimamva ngakhale mphamvu yochepetsetsa, ndipo chimanena kumene mzere ukuloza ndi kulimba kwake. Pa Ulysses anachimangirira pa mtengo wotalika mamita oposa 5 kuti chisamasokonezedwe ndi mawaya a chombo chomwecho, ndipo amene ankachiyang'anira anali a ku Imperial College ku London.

Za chitsulozo, maginito safuna chitsulo nthawi zonse. Paliponse pamene magetsi akuyenda pamabadwa mphamvu ya maginito, munaphunzira kale za waya wokulungidwa pa msomali. M'dzuwa muli mpweya wotentha wokhala ndi mphamvu ya magetsi umene ukuwira ndi kuzungulira osapuma, komanso dzuwa silizungulira ngati chinthu cholimba, m'chiuno limatenga masiku 25 kuti lizungulire kamodzi pomwe kunsonga limatenga pafupifupi 35, nde mizere ija imakokedwa, kupotana, kumangana mfundo. Madontho akuda amene amaoneka pa dzuwa ndi malo amene mfundozo zatulukira kunja.

Mphepo ija ikamathawa imakoka mizereyi kupita nayo kutali, uku dzuwa likuzungulira. Iwe uli ku Nchalo, unaonapo sipirinkala ikuthirira nzimbe, dontho lililonse limapita molunjika koma poti mutu wake ukuzungulira madziwo amaoneka ngati akukhota. Mizere ya maginito a dzuwa imakhota choncho, pofika kuno imakhala itapendekeka madigiri pafupifupi 45.

Tsono nachi chimene chinadabwitsa akatswiri. Pa pepala lako lija mphamvu ichuluka kunsonga kwa maginito, ndipo iwo ankayembekeza kuti Ulysses ikafika pamutu pa dzuwa manambala akwera. Sanakwere. Atachotsera za kutalika kwa mtunda anapeza kuti mphamvu yoloza kunja ndi yofanana paliponse, kaya madigiri 30 kaya 80 kuchoka m'chiuno mwa dzuwa. Zimene zikutanthauza kuti pafupi ndi dzuwa mizere yochokera kunsonga imakankhana nkufalikira mpaka itagawana malo mofanana, ndipo mphepo yothamanga ija imatsata mizereyo, nchifukwa chake imadzaza thambo lalikulu chonchija ngakhale mabowo amene imatulukamo ndi ocheperapo. Phindu lake ndi lalikulu, chifukwa tsopano munthu akayeza pamalo amodzi kuno pafupi ndi dziko akhoza kuwerengera mphamvu yonse ya maginito imene dzuwa likutulutsa mbali zonse.

Ulendo wachiwiri, 2000 mpaka 2001, unapeza dzuwa litakwiya, ndipo dongosolo lonse lija linali litasokonekera, mphepo yothamanga ndi yapang'onopang'ono zosakanikirana paliponse ngakhale kunsonga komwe. Ndi nthawi imene maginito a dzuwa amatembenuka, kumpoto kusanduka kummwera, kummwera kusanduka kumpoto, zimene zimachitika dzuwa likafika pachimake pa mkwiyo wake. Tsiku la kadamsana wa 2001 lija anthu akuyang'ana kumwamba ku Nsanje, chombochi chinali panjira kuchoka kummwera kupita kumpoto chikuyeza zimenezi. Ulendo wachitatu, 2007 ndi 2008, dzuwa linali litakhalanso phee, dongosolo linabwerera koma mphepo inali yofooka, mphamvu yake yokankha itatsika ndi magawo oposa 20 pa 100 poyerekeza ndi ulendo woyamba, yofooka kuposa nthawi ina iliyonse chiyambire kuyeza. Pamenepo chombo chinali chitakalamba, magetsi akuchepa, mafuta ake ali pafupi kuundana ndi kuzizira, ndipo anachizimitsa pa 30 June 2009 chitagwira ntchito zaka zoposa 18 pomwe anachipangira zaka 5. Usasiye sayansi mwanawe, mafunso ako ndi abwino.

Funso: Achimwene tiuzeni zoona, zimenezi zikutikhudza bwanji ife? Ine ndili ndi kashopu kotchajitsa mafoni, magetsi akathima ndimadalira sola. Anthu ena akuti kuthimathima kwa magetsi ndi kuvuta kwa netiweki ndi chifukwa cha dzuwa lomweli, ena akuti sola yanga idzapsa. (Wabizinesi, Nsanje boma)

Yankho: Achimwene, sola yanu siipsa ndi mphepo ya dzuwa, mphepoyo siifika padenga panu. Chimene chimafooketsa sola kuno ndi fumbi ndi kutentha, muziipukuta m'mawa kusanatenthe ndipo musaigoneke pa malata penipeni, pansi pake pazidutsa mpweya. Za kuthima kwa magetsi nazonso tisanamizire dzuwa. Magetsi athu ambiri amachokera pa Shire yemweyu, ndipo mdima waukulu umene tonse tikuukumbukira unabwera namondwe Ana atawononga pa Kapichira mu January 2022, amenewo anali madzi.

Koma sindikunena kuti nkhaniyi ndi yamasewera. Dzuwa likakwiya nthawi zina limaponya chimtambo chonse cha tizidutswa tija pamodzi ndi maginito ake, ndipo chikalunjika kuno chimagwedeza maginito a dziko lathu, kugwedezekako nkuyambitsa magetsi osafunika m'mawaya ataliatali. Pa 13 March 1989 chigawo cha Quebec ku Canada chinakhala mu mdima maola 9, anthu 6 miliyoni. Musati ndi za kutali kozizira kokha, mkuntho wa dzuwa woterewu wa kumapeto kwa October 2003 unawononga mathiransifoma akuluakulu ku South Africa konkuno, ndipo lero dzikolo lili ndi malo ake olondera nyengo ya mlengalenga ku Hermanus. Mu February 2022 masetilaiti a Starlink pafupifupi 40 amene anali atangoponyedwa kumene anagwa chifukwa mkuntho unafufumitsa mpweya wa kumtunda nkuwakoka. Pa 10 ndi 11 May 2024 kunabwera mkuntho waukulu kuposa yonse chichokereni 2003, thambo linafiira usiku mpaka ku South Africa ndi Namibia, ndipo alimi ena ku America mathirakitala awo oyendera GPS anasokonekera nthawi yodzala. Ife nafenso tikudalira masetilaiti tsiku ndi tsiku, zithunzi zimene a zanyengo anaonera namondwe Freddy akubwera mu March 2023 zinachokera kumwamba komweko, nde chilichonse chimene chingadwalitse masetilaiti chikukhudza munthu wa ku Makhanga ngakhale alibe foni.

Apa ndi pamene nsonga zija zikulowera. Akatswiri anaona kuti mphamvu ya maginito ya kunsonga pa nthawi imene dzuwa lili phee ndi imene imalosera bwino kuti mkwiyo wotsatira udzakhala waukulu bwanji, zaka zingapo usanafike. Zotsalira za madontho akale zimatengedwa pang'onopang'ono kupita kunsonga, nkukaunjikana kumeneko, ndipo ndi zimene zimadzabala madontho a nyengo yotsatira. Ndiye malo ofunika kwambiri polosera ndi omwewo amene sitimatha kuwaona bwino tili kuno. Kufooka kumene Ulysses inapeza mu 2008 kunatsatiridwa ndi nyengo ya dzuwa yofooka kuposa zonse m'zaka pafupifupi 100.

Pano pali chombo china, Solar Orbiter, cha ESA ndi NASA chomwecho, chinanyamuka mu February 2020. Ichi chili ndi makamera ndipo chimayandikira mpaka makilomita 42 miliyoni, mkati mwa njira ya Mercury, pulaneti yoyandikira dzuwa kuposa onse. M'malo mwa Jupiter chikugwiritsa ntchito Venus, chikadutsa pafupi nayo njira yake imapendekeka pang'ono, chikadutsanso imawonjezera. Mu March 2025 chili pa madigiri 17 kuchoka m'chiuno mwa dzuwa chinajambula nsonga ya kummwera, zithunzi zoyamba za mtundu umenewu chiyambire, ndipo anazitulutsa mu June. Zinaonetsa maginito a mbali zonse ziwiri atasakanikirana timagulutimagulu pansongapo m'malo mwa mbali imodzi, chizindikiro choti kutembenuka kuja kunali kusanakhazikike. Dongosolo lake ndi loti chifike madigiri 24 kumapeto kwa 2026 kenako 33 mu 2029, kuti chizidzaona mmene nsongazo zikudzaziranso. Palinso Parker Solar Probe, yotchulidwa dzina la mkulu uja anatsutsidwa mu 1958, imene pa 24 December 2024 inadutsa makilomita 6.1 miliyoni okha kuchoka pa dzuwa, koma iyo imayenda cha m'chiuno, siikwera kunsonga. Ine maganizo anga ndi oti mayiko olemerawa analakwitsa kusiya mpata wa zaka zambiri chonchi pakati pa Ulysses ndi chombo chotsatira, chifukwa zinthu zosintha pa zaka 11 sungazimvetse ndi maulendo atatu okha.

Funso: Ndamva kuti ukadetsa galasi ndi utsi wa koloboyi kapena kugwiritsa ntchito pepala la ekisireyi ukhoza kuona madontho a pa dzuwa. Ndiyese? (Mnyamata, Dyeratu)

Yankho: Ayi mphwanga, usayese, ndipo uwauze anzako. Utsi ndi ekisireyi zimachepetsa kuwala koti diso lisathobwe koma zimalola mphamvu ina yosaoneka kulowa, imakaotcha kumbuyo kwa diso kumene kulibe ululu, umadzazindikira patapita maola pakati pa chilichonse chimene ukuyang'ana pali banga, ndipo nthawi zina silichoka. Magalasi akuda a pa msika nawonso ayi. Ngati ukufuna kuliona bwinobwino, boola kabowo kakang'ono ndi singano pa katoni, ufulatire dzuwa, kuwala kodutsa pa kabowoko kugwere pa pepala loyera lili pa mthunzi patali pang'ono, uona kadzuwa kozungulira papepalapo. Madontho ndi ovuta kuwaona mwanjira imeneyi, nde ukapeza bandulo lowa pa intaneti pa tsamba la ESA ufufuze Solar Orbiter, kapena la NASA ufufuze SDO, chombo china chojambula dzuwa, kumene amaika zithunzi za dzuwa za tsiku lomwelo ndipo nzaulere.